Kona ya pa Msuku

Lachisanu madzulo ndinachotsa chonyamulira katundu,
ndinamasula magalasi onse awiri,
mthuthuthu unatsala mbulanda ngati nkhuku yososola.
Yotamu anathira oyilo pa tcheni osalankhula,
kenako ndi penti yotsala pa chitseko cha mnansi
analemba 17 pa chivundikiro cha ndowa.
Seveni anapendama. Tinamusiya choncho.

Loweruka.
Bwalo lili kutsidya kwa Lutembwe,
matayala akale okwiriridwa theka m'katondo,
makona asanu ndi anayi, iliyonse ndi mtima wake.
Yoyamba ndi yaulemu, imakulonjera.
Yachinayi ili pansi pa msuku,
imaitana ngati wamalonda wa ku Kapata,
bwerani kuno, bwerani, mtengo ndi wabwino,
ukalowa ndi liwiro imakutsekera chitseko.

Ndinagwa pamenepo isanakwane leveni koloko.
Ululu unabwera mochedwa. Poyamba kunali zii,
tayala lakumbuyo likuzungulira lokha m'mwamba
ngati likufunsa njira.
Mchenga m'mano, chigongono chasupuka,
buluku lang'ambika pa bondo.
Kamnyamata kogulitsa mafiriziti kanandisuzumira:
"Amalume, mwafa?"
Ndinati ayi. Kanapitiriza malonda.

Usiku ku Mchini magetsi anathima.
Yotamu analuma foni kuti tochi iwale,
nawongola handulo ndi paipi ya mjigo wakufa.
Tisauke anaima pakhomo atapinda manja.
"Njinga imeneyi ndiyo imalipira lendi.
Ikathyoka mawa, Lolemba tidya chikho?"
Yankho ndinalibe.
M'manja ndinali ndi sipanala teni basi.

Lamulungu, anzathu ali m'tchalitchi,
ife khumi ndi awiri pamzere,
mainjini akulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu.
Kumanja kwanga Zindaba wa ku Katete,
magolovesi atsopano,
njinga yosanyamulapo thumba la fetereza chigulireni.
Mbendera inagwa.

Za mkati ndikukumbuka zochepa.
Fumbi lofiira, msana wa munthu, fumbi.
Mtima ukugogoda m'chisoti
ngati hamala ya wokhoma zidebe.
Kufika pa msuku dzanja linathamangira buleki,
dzulo linali likadali m'chigongono.
Ulendo wachitatu ndinadikira.
Wachinayi ndinadikirabe pang'ono,
ndinagoneka njinga mpaka chopondera chinakanda nthaka,
kona ija inatseguka
monga munthu amene wakumbukira dzina lako.
Ndinadutsa awiri pomwepo,
mmodzi akutukwana, sindinamve bwino amatukwana ndani.
Zindaba sindinamuone konse.
Ndinangodya fumbi lake maulendo khumi ndi asanu.

Wachinayi.
Wachinayi salandira kanthu, ngakhale botolo la oyilo.
Yotamu anandigogoda pa chisoti kawiri,
ndiko kuseka kwake.
Tisauke, amene analumbira kuti sabwera,
ndinamupeza kuseri kwa matayala,
chitenje chili mbuu, mawu atasasa.
"Ndimakuwa kuti uchepetse," anatero.
Kamnyamata ka mafiriziti kanandiuza zina.

Lolemba kusanache ndinabwezeretsa magalasi,
ndinamanga chonyamulira ndi mabawuti omwe aja.
Woyamba kukwera anali mayi wa mathireyi atatu a mazira,
wa ulendo wa ku Mwami.
"Pang'onopang'ono bambo, ndachiona chilonda chanucho."
Tinayenda mwaulemu, giya yachitatu,
phiri la Kanjala likutsalira mwaulesi kumbuyo,
anyamata a njinga zakapalasa akutiyang'ana mwachifundo.
Koma pokhota paja msewu umatsetsereka
bondo langa linatuluka lokha
kufunafuna nthaka.
Ndinalibweza msanga, mayi sanaone.

Dzira silinasweke ndi limodzi lomwe.
Anandipatsa makwacha anga, nawonjezera nthochi ziwiri.
Seveni wopendama uja ali pansi pa bedi,
Tisauke amasesa momulambalala.